Khasu m'manja mwa Angella

Zenera la kalasi ya Sitandade 6 linayang'anizana ndi phiri la Soche, ndipo phirilo linali ndi chipsera. Aliyense wa m'derali amachidziwa: mzere wofiira wotsika kuchokera pamwamba, pomwe matope ndi miyala zinagumukira nthawi ya namondwe Freddy n'kukwirira nyumba za anthu m'munsimu. Ana ambiri a m'kalasimo analimva phokosolo ndi makutu awo. Koma buku la sayansi linali ndi chithunzi chakechake cha kukokoloka kwa nthaka, kaphiri kosalala kokhala ndi timivi toloza pansi, ndipo a Gracian Kalimu ankayenera kukopera kaphiri kameneko pabolodi, ana atafulatira zenera.

Anakajambula mpaka pakati, kenako anaika choko patebulo.

A Gracian anali atangobwerera kwawo kuno chaka chapitacho, atakhala zaka zambirimbiri akuphunzitsa ku Botswana. Anachoka tsitsi lili bii, anabwera lili mbuu, ndipo Blantyre yemwe anamusiya sanamupeze. Phiri lomwe ankakwera ali mnyamata kukatola masuku, anyani akuwatukwana m'mitengo, linali litametedwa mpala, nyumba zikukwerana mpaka m'khosi mwake. Ku Kanjedza, komwe fungo la paini linkakulonjera usanalowe mu Limbe, anakapezako mipanda ya njerwa ndi utsi wa minibasi. Mtsinje wa Mudi anauwoloka atatsina mphuno. Anthu akawanyadira kuti taonani tawuni yatukuka, iwo ankangoti, "Inde, yanenepa."

Ntchito anaipeza kwa a Joan, mwini wake wa kasukulu ka pulayimale kolipira m'munsi mwa phirimo. A Joan anakulira limodzi ndi mlongo wawo wa a Gracian, choncho pagulu ankawatchula kuti a Kalimu, koma akakhala awiri ankati achimwene, makamaka akafuna kuwakalipira.

"Tsekani mabuku," anatero a Gracian m'mawa umenewo. "Tikatenge makasu kusitolo ya sukulu, zidebe ziwiri, ndi mabotolo aja ali kuseri kwa ofesi."

Ana anayang'anizana. Kenako mawu aang'ono anachokera kumbuyo: "Sala, talakwanji?"

"Palibe walakwa."

"Nanga makasu?"

"Makasu ndi makasu. Tiyeni panja."

A Gracian analiseka funsolo, n'kuliiwala asanafike n'komwe pakhomo.

Kuseri kwa sukuluyo, pakati pa mpanda wa waya ndi msewu wafumbi wotulukira ku Limbe, kunali kamtunda kotsetsereka komera kapinga. A Gracian anagawa anawo. Ena apale chigawo chimodzi mpaka dothi lioneke poyera, chigawo chinacho chisiyidwe ndi udzu wake. Ena akumbe timingalande m'munsi mwa zigawo zonse ziwiri, n'kutcherapo mabotolo odula pakamwa. Linali dzuwa la Okutobala, lija lowotcha ngakhale mthunzi wa munthu, ndiye iwo anasunthira pansi pa mtengo wa mango womwe unali pafupi, ali m'jekete yawo ndi tayi monga ankavalira masiku onse, nsungwi yoyezera kutsetsereka kwa malo ili m'manja. Ankaloza ndi nsungwiyo: apa kumbani, apo siyani.

Kenako anathira madzi, chidebe uku, chidebe uko. Pa chigawo chopala paja madzi anathamanga osapuma, n'kudzaza botolo ali ofiira ndi olemera ngati thobwa. Pa kapinga anazengereza, ena analowa pansi, ndipo otsalawo anafika m'botolo ali ochepa, ongotuwa pang'ono.

Angella, mtsikana yemwe ankakhala nambala wani m'kalasimo, anali akadagwirizira khasu, yunifolomu yake ili dothi mpaka m'mawondo. Anayang'ana botolo lofiiralo, kenako anakweza maso kuphiri.

"Sala, ndiye kuti phiri lija tinalipala tokha?"

"Ine sindinanene," anatero a Gracian. "Lanena ndi botolo."

Mtima wawo unadzaza. Chibwerereni, linali tsiku loyamba kumva kuti mwina sanalakwe kubwera. Sanalabadire n'komwe lole yomwe inachepetsa liwiro pamsewu, n'kuima pang'ono, n'kupitirira.

M'mawa mwake a Joan anawaitanira kuofesi belu lisanalire.

"Achimwene, khalani pansi. Mwandiphera sukulu."

"Mwadzuka bwanji, achemwali?"

"Sindinadzuke, chifukwa sindinagone. Taonani ichi." Anawatambasulira foni, koma a Gracian anaikankhira kumbali ndi kuseri kwa dzanja.

"Miseche ya pafoni ine sindiyang'ana. Tangonenani."

"A Paston, bambo ake a Angella, amayendetsa lole ya katundu ku Limbe. Dzulo adutsa pamsewupo, aona mwana wawo ali ndi khasu padzuwa, nthawi ya sukulu. Ajambula, aponya pagulu la makolo la pa WhatsApp. Akufunsa kuti mwana wawoyo waba chiyani."

"Linali phunziro la sayansi."

"Kwa inu. Mwakhalitsa kunja, achimwene. Kuno mwana wa sukulu akagwira khasu ndiye kuti ali pa chibalo. Wachedwa, walongolola m'kalasi, watukwana mnzake, basi, kakumbe dzenje la zinyalala. Ndipo ana akaoneka pansi pa mtengo ndiye kuti sukuluyo ilibe makalasi. Inu mwachita zonse ziwiri tsiku limodzi, m'mbali mwa msewu, kuti Soche yense aone."

"Ndiye tiwafotokozera."

"Mukawafotokozera Loweruka. Ndaitanitsa msonkhano. A Paston akuti amuchotsa Angella, ndipo akachoka mwana ameneyo ena atsatira, ndikuwadziwa anthu anga. Makolo akakana, zophunzirira panjazi zathera pompo."

"Zikatha, inenso ndathera pompo," anatero a Gracian modekha. "Sindingamajambule phiri ndi choko, phiri lenileni likundisuzumira pazenera."

A Joan anawayang'anitsitsa. "Musandiopseze. Pa msinkhu wanuwu mukapita kuti?"

Funsolo linalasa, chifukwa yankho lake ankalidziwa onse awiri. A Gracian anali ndi kanyumba ka lendi ku Chimwankhunda, makatoni a mabuku omwe chiswe chinali chitayamba kale kuwawerenga, ndi anzawo akale omwe ambiri anali ku manda a ku Misesa. M'tawuni monsemu, kalasi ija inali malo okhawo omwe sankadziona ngati mlendo. Koma mawu anali atatuluka, ndipo sanali munthu wowabweza.

Mantha analibe. Anali atayankhulapo pamaso pa akuluakulu a maphunziro ku Gaborone, nanga makolo a Sitandade 6 n'chiyani? Lachisanu masana anakwera minibasi kupita m'tawuni kukakonzetsa magalasi, kondakitala akuwauza kuti, "Madala, tafinyikani pang'ono, anthu anayi pamenepo," iwo n'kumasanja mfundo m'mutu. Panjira anadutsa sukulu ina ya boma, ana atakhala mizeremizere pansi pa mtengo wa jakaranda, bolodi litatsamira pathunthu, maluwa ofiirira akuwagwera pamitu. A Gracian anamwetulira, poti zinali zokongola. Mayi yemwe anakhala pambali pawo anatsonya. "Mpaka liti ana athuwa?" anatero. A Gracian anaganiza kuti mayiyo akudandaula za kutentha.

Loweruka makolo anadzaza m'kalasi ya Sitandade 6, abambo a mimba zawo atadzipanikiza m'madesiki a ana. Mayi Emily, a chigwirizano cha kutchalitchi, omwe mdzukulu wawo anali m'kalasimo, anatsegula ndi pemphero lopempha Mulungu kuti agwire malilime a anthu. Kenako a Joan anapereka mwayi kwa a Kalimu.

Anayankhula bwino, zimenezo palibe akanatsutsa. Anati mwana amaiwala zomwe wamva koma zomwe wagwira ndi manja zimamukakamira. Anati mayeso amafunsa za kukokoloka kwa nthaka chaka ndi chaka, ana n'kumaloweza mayankho, koma osadziwa kuti akunena za kuseri kwa nyumba yawo. Anati kumayiko ena sukulu zodula kwambiri ndi zomwe zimatengera ana kunkhalango.

"Kumeneko nkhalango ali nazo," anatero bambo wina kumbuyo. "Ife tiwatengera ku makala?"

Anthu anaseka, koma a Gracian anadikira kuti phokoso lithe, n'kumaliza mfundo zawo mwadongosolo. Atakhala pansi anaona kuti mitu ingapo ikugwedezeka movomera, ndipo anati mumtima nkhani yatha.

Apo ndi pomwe anaimirira a Paston. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, kapusi atakapinda m'manja.

"Aphunzitsi, Chizungu chanu ndi Chichewa chanu zonse n'zabwino, ine sindingapikisane nazo. Ndingonena zanga. Makolo anga anathawa nkhondo ku Mozambique ine ndili wamng'ono, tinafikira kumsasa ku Nsanje. Sukulu yanga yoyamba inali pansi pa mlambe. Mlambe mukuudziwa, nthawi yotentha ulibe ndi tsamba lomwe. Aliyense ankabwera ndi mwala wake wokhalira, ukauiwala mnzako waba. Tinkalemba pamchenga ndi chala. Kamvuluvulu akadutsa, masamu onse apita. Mvula ikagwa, sukulu yaweruka. Titasamukira kuno ndinalowa sukulu ya makalasi, koma ndinkachedwa chifukwa chotunga madzi, ndiye anzanga ali mkati ine ndili panja ndi khasu. Maenje omwe ndinakumba ine, mukanawalumikiza bwenzi ndi msewu wofika ku Zomba."

Ena anaseka, a Paston sanaseke.

"Tsiku lomwe ndinabwera ndi Angella pano sindinafunse za aphunzitsi ayi. Ndinalowa m'kalasi, ndinagwedeza desiki kuona ngati ili yolimba, ndinayang'ana kudenga ngati kuli malata. Ndinati mwana wanga sadzakhalira mwala, ndipo khasu sadzaligwira pa sukulu. Ndiye ndikudutsa ndi lole, ndikuona ichi. Akuti simunachiyang'ane. Tachiyang'anani, aphunzitsi."

Anayenda pakati pa madesiki n'kuika foni patebulo. Kukana pamaso pa anthu onsewo kukanakhala mwano, choncho a Gracian anavala magalasi awo aja.

Anaona ana atawerama padzuwa, misana ili m'mwamba. Anaona Angella, khasu lili m'mwamba, nkhope ili thukuta. Ndipo chakumanja, pamthunzi wa mango, panaima mkulu wina wa jekete ndi tayi, dzanja limodzi kumbuyo, linalo litagwira ndodo yaitali. Munthu ameneyo anamuzindikira msanga, koma sanali iwo. Anali a Ellard, ahedi a sukulu yawo ya ubwana, omwe ankaima chimodzimodzi pamthunzi, kuyang'anira ochedwa akuzula chitsa. Mwana aliyense wa m'dziko muno amamudziwa munthu woima choncho. Botolo silinaoneke pachithunzipo, ngakhale chidebe. Ndipo mawu aang'ono aja anabwerera m'makutu mwawo: Sala, talakwanji?

Anavula magalasi, n'kuwapinda pang'onopang'ono.

"Bambo a Angella," anatero, "mwaleza mtima. Ndikanakhala ine pa loleyo, ndikanatsika. Mkulu wa tayiyu ndikanamufunsa mafunso."

Kalasi inaphulika ndi kuseka, ndipo ngakhale a Paston pakamwa panagwedera. A Gracian anaimirira, anavula jekete n'kuikoleka pampando, anamasula tayi n'kuiika pamwamba pake.

"Zoyankhula ndamaliza, ndipo mwaona kuti sizinakwane. Ndikupempha chinthu chimodzi. Tiyeni kuseriko."

"Panjanso?" anatero bambo wa makala uja. "Ifenso talakwa?"

"Inu muime pamthunzi. Khasu ndigwira ine."

Anatuluka onse, ena akung'ung'udza, a Joan ali pambuyo atagwira m'chiuno. A Gracian anapinda buluku, nsapato zawo zopolishidwa zikumira m'fumbi, n'kuyamba kupala chigawo chatsopano pambali pa chakale chija. "Ku Botswana makasu aliko?" anafunsa wina. A Gracian anakweza khasu. Ulendo woyamba linadumpha, wachiwiri linaluma, ndipo kuyambira pamenepo manja anakumbukira okha zomwe anaphunzira m'munda mwa mayi awo kuseri kwa phiri lomwelo. Pomwe ankamaliza kangalande n'kutcherapo mabotolo, malaya anali atamatirira kumsana, koma mpweya unali ukadalipo.

"Bambo a Angella, thirani ndinu, anthu angati ndachita matsenga."

A Paston anasenza chidebe choyamba cha madzi n'kukhuthulira pa dothi lopalalo. Madzi anatsika mothamanga, akukumba timikwasa, n'kugwera m'botolo ali ofiira. Anakhuthulira chachiwiri pa kapinga. Anthu anadikira. Patapita kanthawi timadzi totuwa tinayamba kudontha.

A Gracian ananyamula mabotolo onse awiri, limodzi dzanja ili, lina dzanja ilo. Sanaloze phiri. Anthu analiyang'ana okha, mmodzimmodzi, poti linali pomwepo pamwamba pa mitu yawo ndi chipsera chake. Mayi Emily, omwe nyumba yawo inapita ndi matope aja, anakoka chitenje n'kutseka pakamwa.

"Mtundu wake ndi womwewu," anatero motsitsa. "Madzi analowa m'nyumba mwanga anali otere."

A Paston anapukuta manja pa buluku.

"Mwanayu anandiuza za mabotolowa," anatero. "Ndinati akungowaikira kumbuyo aphunzitsi ake." Anayang'ana pansi, kenako anayang'ana a Gracian m'maso. "Ndili ndi mawu awiri, makolo anzanga anditsutse ngati ndalakwa. Oyamba, ana akatuluka, azibwereranso pa desiki n'kulemba zomwe aonazo, tsiku lomwelo. Ine pansi pa mlambe chomwe chinkandiwawa si dzuwa ayi, koma kuti kunalibe kobwerera. Achiwiri, mukawapatsa khasu, inunso muzigwira lanu. Ndikadzaonanso tayi pamthunzi, ndidzatsika."

"Ndavomera zonse ziwiri," anatero a Gracian. "Koma nanenso ndili ndi amodzi, ndipo ndi a kwa a Madamu." Anatembenukira kwa a Joan. "Khasu lisakhalenso chibalo pasukulu pano. Sitingamuuze mwana Lolemba kuti khasu ndi chilango, Lachiwiri n'kumuuza kuti ndi sayansi. Sangatikhulupirire, ndipo akhala akulondola."

"Iii, achimwene!" A Joan anaiwala kuti ali pagulu. "Nanga ochedwa ndiziwatani? Ndiziwaombera m'manja?"

"Muziitana ifeyo," anatero Mayi Emily. "Amene timawachedwetsa ndife, ndi tiyi wathu wosapsa msangayo."

"Mudzabwera? Inu nomwe mumathawa misonkhano?"

"Lero sitinabwere?"

A Joan anayang'ana makolowo, anayang'ana mkulu wa malaya onyowa uja ali ndi mabotolo m'manja, n'kupumira m'mwamba. "Chabwino. Koma dzenje la zinyalala likadzaza, ndidzaitana a Kalimu."

Sipanakhale kuwerenga manja. Anthu anangoyamba kubwerera m'kalasi kukatseka ndi pemphero, akukambirana za ngalande za kumakomo kwawo. A Gracian anatsalira pang'ono, akutsanulira madzi ofiira aja pa mizu ya mango. Msana unkawawa, ndipo ankadziwa kuti mawa lake kudzuka kukhala nkhondo. Sizinawadetse nkhawa.

Mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana kumbali ya ku Thyolo, Sitandade 6 inali kuseri kuja ikubzala udzu wa vetiva m'mizere yopingasa kamtunda konse. Jekete ankaisiya m'kalasi tsopano, ndipo anali atagula nsapato za jombo mumsika wa Limbe, zomwe ana ankati zimawakhala ngati alonda. Phiri linali lomwe lija, lometedwa, ndipo a Gracian sankadzinamiza kuti masuku adzabwerera iwo ali moyo. Ankangokumba.

Lole inachepetsa liwiro pamsewu n'kuliza hutala. A Paston anatulutsa mutu pazenera.

"Aphunzitsi! Mwalakwanji lero?"

A Gracian anawongoka, dzanja lili pamsana. "Funsani mwana wanu, akuyang'anira ndi iyeyo!"

Angella anali pamwamba pa kamtundako ndi nsungwi ija, akuyeza ngati mzere wawongoka. Anakweza dzanja kwa bambo ake osachotsa maso pa chingwe chowongolera mzerewo. "Sala, apo mwakhotetsa," anatero. "Bwererani pang'ono."

A Gracian anabwerera pang'ono. Lole inanyamuka, fumbi lake likugwera pa vetiva. Belu litalira ana anasonkhanitsa makasu, anasamba m'manja pampopi, n'kulowa m'kalasi, aliyense pa desiki yake. A Gracian anatsegula zenera loyang'ana kuphiri lija mpaka kumapeto, anatola choko, n'kuwauza kuti alembe zomwe aona.